Wilu, thirasiti kapena power of attorney: banja lanu likufunika chiti?

Anthu ambiri akamva za kukonzekera chuma chamasiye amangoganiza za wilu, ngati kuti pepala limodzi lingathetse nkhani yonse. Koma mafunso ake alipo atatu, ndipo amabwera pa nthawi zosiyana. Ndani adzalandire katundu wanu mukadzatisiya? Ndani adzamusunge ngati wolandirayo akadali mwana? Nanga ndani adzasaine kubanki ngati muli moyo, koma matenda akulandani mphamvu yoganiza? Funso loyamba limayankhidwa ndi wilu, lachiwiri ndi thirasiti, lachitatu ndi power of attorney. Chikalata chilichonse chili ndi nthawi yake. Chimene chimagwira ntchito mutamwalira chilibe mphamvu mukamadwala, ndipo chimene chimakuthandizani mukamadwala chimafa tsiku lomwe mwamwalira. Mabanja ambiri amavutika chifukwa anakonzekera nthawi imodzi n'kusiya zinazo pambalambanda.

Malamulo a nkhaniyi amasiyana dziko ndi dziko. N'chifukwa chake nditchula zitsanzo za mayiko angapo, kuti muone pamene pamakhala kusiyana ndi kudziwa zokafunsa kwa loya wa kwanu.

Miyeso inayi

Njira iliyonse ndiiyesa ndi miyeso inayi. Woyamba ndi mtengo, ndipo musamangowerengera ndalama imene mupereke kwa loya lero. Werengerani ndi imene amasiye adzalipire kukhothi, kwa woyendetsa chuma ndi kumsonkho, chifukwa njira yotsika mtengo lero nthawi zina imadzalipiritsa otsala. Wachiwiri ndi kapezekedwe: kodi malamulo a dziko limene mukukhala, ndi a dziko limene kuli katunduyo, amaidziwa njirayo? Wachitatu ndi kasamalidwe, kutanthauza ntchito imene chikalatacho chidzafune kwa inu chaka ndi chaka kuti chisathe ntchito. Wachinayi ndi zoopsa zake. Pamenepa mudzaona kuti pafupifupi njira zonse zimathyokera malo amodzi, pa munthu amene mwamudalira.

Kusalemba kalikonse

Imeneyi ndi njiranso, ndipo ndiyo anthu ochuluka amayendamo osadziwa kuti asankha.

Mtengo. Lero simulipira kanthu. Mukamwalira, abale amayenera kugwirizana za munthu woyendetsa chuma, n'kukapempha khothi kuti limupatse chikalata chomuloleza. Ngati sakugwirizana, aliyense amapeza loya wake, ndipo ndalama za maloyawo nthawi zambiri zimachokera m'chuma chomwecho akulimbiranacho.

Kapezekedwe. Dziko lililonse lili ndi lamulo logawira chuma cha munthu amene sanasiye wilu. Ku Zambia, lamulo la 1989 limapereka 20 peresenti kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 peresenti kwa ana, 20 peresenti kwa makolo ndi 10 peresenti kwa ena amene ankadalira malemuyo. Ku Malawi, lamulo la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wamasiye ndi mlandu. Ku South Africa, khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2004, pa mlandu wa Bhe, kuti n'kulakwa kupereka chuma chonse kwa wachibale wamwamuna n'kusiya ana aakazi. Malamulo amenewa ateteza amasiye ambiri, ndipo sindikuwapeputsa.

Kasamalidwe. Palibe cholemba, koma mtchatho wa ukwati, zikalata za kubadwa kwa ana ndi mapepala a umwini wa nyumba ziyenera kukhala m'malo mwake, poti ndizo zidzasonyeze amene ali woyenera kulandira.

Zoopsa. Lamulo silidziwa banja lanu. Silidziwa kuti mwana wina ndi wolumala ndipo adzafuna chithandizo moyo wake wonse, kapena kuti wina munamulipirira kale sukulu mpaka kuyunivesite pamene mng'ono wake sanayambe n'komwe. Ku England, munthu amene mwakhala naye zaka 30 osamanga ukwati salandira kanthu mwa lamulo limeneli, ngakhalenso mwana womupeza amene simunamutenge mwalamulo. Komanso nyumba imodzi sigawika m'maperesenti. Kuti aliyense alandire gawo lake, kawirikawiri imagulitsidwa, ndipo amene ankakhalamo amasowa kolowera.

Wilu

Mtengo. Mwa zikalata zonse zolembedwa ndi loya, wilu wamba ndi imodzi mwa zotsika mtengo. Ndalama yaikulu imabwera pambuyo, pa ntchito yoyendetsa chumacho. Ku South Africa, woyendetsa chuma chamasiye amaloledwa kutenga mpaka 3.5 peresenti ya mtengo wa katundu yense, ngongole zisanachotsedwe. Ku California, lamulo limalola loya kutenga 4 peresenti pa madola 100,000 oyamba, 3 peresenti pa 100,000 otsatira ndi 2 peresenti pa 800,000 otsatira, ndipo woyendetsa chuma naye akhoza kutenga chimodzimodzi. Choncho kampani ikakuuzani kuti ikulemberani wilu mwaulere, funsani ngati ikufuna kuti muiike kukhala woyendetsa chuma, ndipo funsani kuti idzatenga zingati. Nthawi zina n'zoyenera ndithu, makamaka ngati m'banja mulibe wodalirika, koma mudziwiretu.

Kapezekedwe. Mayiko ambiri amene anatengera malamulo a ku England amatsata mfundo za lamulo la 1837: wilu ikhale yolembedwa, isainidwe ndi mwini wake, pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi. Ku France ndi ku Germany amavomereza wilu yopanda mboni ngati mwini wake wailemba yonse ndi dzanja lake n'kusaina (ku France ayeneranso kulembapo tsiku), koma musatengere zimenezo ngati lamulo la kwanu silinena choncho. Zaka zoyambira kulemba wilu nazonso zimasiyana: 18 ku England, 16 ku South Africa.

Mawilu ambiri olembedwa kunyumba amagwera pa kusaina, choncho tione bwinobwino mmene zimayenera kukhalira. Anthu atatu mukhale patebulo limodzi. Musaine inu, mboni ziwirizo zikuyang'ana. Kenako mboni iliyonse isaine, inu mukuona. Pasapezeke wotuluka kukayankha foni, ndipo musatengere pepalalo kwa mboni yachiwiri mawa lake. Mbonizo sizifunika kuwerenga zimene mwalemba, ntchito yawo ndi kuona dzanja lanu likusaina. Ikani manambala pa masamba onse, ndipo ndi bwino kusaina tsamba lililonse. Chachikulu koposa, mboni isakhale munthu amene mwamupatsa kanthu m'wiluyo, ngakhale mkazi kapena mwamuna wake. M'malamulo a ku England ndi ena ofanana nawo, wilu imakhalabe yovomerezeka, koma mphatso ya mboniyo imafa. Zimamvetsa chisoni kuti amene amagwa m'mbuna imeneyi ndi mwana yemwe ankasamala kholo lake, chifukwa ndiye anali pafupi tsiku losainalo.

Mwini wilu ayeneranso kukhala woganiza bwino. Muyeso umene makhothi ambiri amatsata unachokera pa mlandu wa Banks v Goodfellow wa 1870: adziwe kuti akulemba wilu, adziwe kukula kwa chuma chake, ndipo akumbukire anthu amene ayenera kuwaganizira. Ngati wolembayo ndi wokalamba kwambiri kapena akudwala, pemphani dokotala amuone n'kulemba kalata tsiku lomwelo. Kalata imeneyo imadzathandiza kwambiri wina akadzanena kuti malemu anali atasokonezeka.

Kasamalidwe. Wilu imakalamba pamene moyo wanu ukusintha. Ku England ndi Wales, kulowa m'banja kumafafaniza wilu yakale, pamene ku Scotland ndi ku South Africa sikutero. Ku South Africa, banja likatha, lamulo limangokutetezani miyezi itatu. Mukamwalira miyeziyo itadutsa musanasinthe wilu, amene munasudzulana nayeyo amalandira zonse munamulembera. Choncho ukwati, kusudzulana, kubadwa kwa mwana, imfa ya wolandira kapena kugulitsa nyumba imene munaitchula, zonsezi zikukumbutseni kuitulutsa wiluyo. Musakhwatche ndi cholembera n'kulemba zina pamwamba. Lembani yatsopano, ndipo inene kuti ikufafaniza zakale zonse.

Kosungira nakonso n'kofunika. Makhothi amafuna pepala lenileni losainidwa, ndipo m'mayiko ambiri likasowa pamene linali m'manja mwa mwini wake, amaganiza kuti analing'amba dala. Woimba wa ku America Aretha Franklin atamwalira mu 2018, anthu ankayesa kuti sanasiye wilu. Mu 2019 m'nyumba mwake munapezeka mapepala olembedwa pamanja, ena a 2010 m'kabati yokiya, ena a 2014 pansi pa makushoni a sofa. Ana ake anakokanakokana mpaka 2023, pamene khothi la ku Michigan linagamula kuti ya 2014 ndiyo wilu yake. Sungani imodzi yokha, pamalo amene woyendetsa chuma wanu akuwadziwa.

Zoopsa. Wilu imagawa zanu zokha. Ngati malamulo a ukwati wanu amanena kuti chuma n'cha nonse awiri, theka si lanu loti mugawe. Wilu ya Nelson Mandela itawerengedwa mu February 2014, Graça Machel anali ndi ufulu wotenga theka la chuma cha banjalo chifukwa cha mtundu wa ukwati wawo, ndipo anayenera kusankha pakati pa ufulu umenewo ndi zimene wiluyo inamupatsa. Ngongole ndi misonkho nazo zimalipidwa olandira asanaone kalikonse. Ndiponso si paliponse pamene mungamane mwana: ku France, mwana mmodzi ali ndi ufulu wa theka la chuma, ana awiri magawo awiri mwa atatu, ana atatu kapena kuposa magawo atatu mwa anayi. M'malamulo a Chisilamu, munthu amagawa mwa wilu gawo limodzi lokha mwa atatu. Ku England, lamulo la 1975 limalola amene ankadalira malemu kukadandaula kukhothi ngati sanasiyiridwe zokwanira.

Wilu ikadutsa kukhothi, m'mayiko ambiri aliyense akhoza kuiwerenga. Ndipo pamene muli moyo, ngakhale mutakomoka miyezi isanu ndi umodzi, ilibe ntchito. Komabe ili ndi mphamvu imodzi imene makolo sayenera kuinyalanyaza: ndimo mumatchula munthu amene mukufuna kuti adzalere ana anu nonse awiri mukadzapita. Khothi ndilo limakhala ndi mawu omaliza, koma mawu a kholo limawalemekeza kwambiri. Muyambe mwamufunsa munthuyo.

Thirasiti

Mu thirasiti, inu mumapereka katundu kwa asungi, ndipo iwo amamusunga ndi kumugwiritsa ntchito pothandiza anthu amene mwawatchula, motsata malamulo amene mwalemba. Katunduyo amakhala m'dzina la asungi, koma si woti adye. Ilipo mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza: thirasiti yolembedwa mkati mwa wilu, imene imayamba mukamwalira, ndi thirasiti imene mumakhazikitsa muli moyo.

Mtengo. Ya m'wilu ndi ndime zingapo zowonjezera, ndipo ndalama zoyendetsera zimayamba pokhapokha ikayamba kugwira ntchito. Mukakhala ndi moyo mpaka ana atakula, simudzalipira kanthu. Ya muli moyo ndi yodula: kulemba chikalata, kusamutsa nyumba ndi masheya kupita m'dzina la asungi, msonkho wa kusamutsako, owerengera ndalama chaka chilichonse, ndi malipiro a asungi ngati ndi akatswiri. Msonkho wake ukhozanso kukhala wokwera kuposa wa munthu. Ku South Africa, phindu limene latsala mu thirasiti wamba limadulidwa 45 peresenti. Wokuuzani kuti thirasiti imapulumutsa msonkho akuonetseni masamu ake molingana ndi chuma chanu.

Kapezekedwe. Thirasiti inabadwira m'malamulo a ku England ndipo imadziwika bwino m'mayiko amene anatengera malamulowo. Kwina zinthu n'zosiyana. France inakhazikitsa njira yofananako mu 2007, koma siloledwa kugwiritsidwa ntchito popereka chuma kwa ana ngati mphatso. Pali pangano la ku Hague la 1985 lothandiza mayiko kuvomereza mathirasiti a kunja, koma amene analowamo ndi ochepa. Ku America, thirasiti imene mwini wake angathe kuisintha ali moyo inatchuka chifukwa imalambalala ndalama ndi kuchedwa kwa kukhothi m'madera ngati California. Malangizo ambiri a pa intaneti onena kuti banja lililonse likufunika thirasiti amachokera kumeneko. Kumene ntchito ya kukhothi si yodula chotero, chifukwa chimenecho chimachepa mphamvu.

Kasamalidwe. Apa ndiye pali ntchito, ndipo walira mvula walira matope. Thirasiti imafuna akaunti yakeyake kubanki, mabuku a ndalama, zolemba za zimene asungi agwirizana, ndi mafomu a msonkho chaka ndi chaka. Ku South Africa, lamulo la 1988 limanena kuti msungi sangayambe ntchito asanalandire chilolezo kwa Master of the High Court, mkulu wa boma woyang'anira nkhani za chuma chamasiye ndi mathirasiti. Cholakwa chofala kwambiri ndi kusaina chikalata chokongola n'kuiwala kusamutsa katundu. Nyumba imene yatsala m'dzina lanu sili mu thirasiti, ngakhale chikalatacho chitaitchula kakhumi.

Zoopsa. Msungi mmodzi wopanda womuyang'anira ndi chiyeso chachikulu ngakhale kwa munthu wabwino. Ikani awiri kapena atatu, mmodzi akhale wakunja kwa banja, ndipo lembani kuti opindula kapena owalera azilandira lipoti la ndalama chaka chilichonse. Tchulaninso wodzalowa m'malo mwa msungi akamwalira. Choopsa china ndi kupitiriza kugwiritsa ntchito katunduyo ngati wanu, kutapa ndalama mmene mwafunira, asungi n'kumangosaina. Khothi likhoza kunena kuti thirasiti yotero ndi yachiphamaso. Kusamutsa katundu pothawa ngongole zimene muli nazo kale nakonso khothi limatha kukubweza.

Ubwino wake weniweni uli pa nthawi. Popanda thirasiti, ndalama za mwana wamasiye zimasungidwa ndi boma kapena wolera, ndipo amazilandira zonse nthawi imodzi akakwanitsa zaka 18. Ambirife tikudziwa mmene mutu wa munthu wa zaka 18 umayendera akagwira ndalama zambiri. Mu thirasiti mukhoza kulemba kuti asungi azilipira sukulu, chipatala ndi pokhala, ndipo zotsalazo adzazipereke pang'onopang'ono, mwina pa zaka 21, 25 ndi 30. Musamangitse kwambiri malamulowo. Asiyireni asungi mpata woganiza, chifukwa simudziwa zimene mwanayo adzakumane nazo.

Power of attorney

Ichi ndi chikalata chimene mumapatsa nacho munthu wina mphamvu yochita zinthu m'malo mwanu muli moyo. Mwa njira zonse, ndi chimene mabanja amachiiwala kwambiri, chikhalirecho vuto lake limabwera mwadzidzidzi. Bambo wagwidwa ndi sitiroko ndipo sakutha kulankhula kapena kugwira cholembera. Malipiro ake akulowa mu akaunti ya dzina lake lokha. Mkazi wake wapita kubanki ndi mtchatho wa ukwati, kalata ya dokotala ndi chiphaso cha mwamuna wake. Wogwira ntchito pakauntala wawerenga zonse, wamva chisoni, koma wabweza mapepalawo, chifukwa ukwati paokha supatsa munthu mphamvu pa akaunti ya mnzake. Ndalama zilipo, bilu ya chipatala ikukwera, ndipo wilu imene bamboyo analemba mosamala ili phee m'kabati.

Mtengo. Ndi wochepa, makamaka poyerekeza ndi njira imene imatsala ngati chikalatachi palibe: kupempha khothi kuti lisankhe woyang'anira. Kumeneko kumafunika malipoti a madokotala, loya, miyezi yodikira, kenako malipoti a chaka ndi chaka, ndipo amene khothi lamusankha akhoza kukhala munthu yemwe inu simukanamusankha.

Kapezekedwe. Apa pamafunika kusamala kwambiri. Power of attorney wamba, m'malamulo ambiri, imatha mphamvu mwini wake akangolephera kuganiza, nthawi yeniyeni imene banja likuifuna. Mayiko ena anakonza mtundu wopitirira. England inayamba ndi lamulo la 1985, ndipo kuyambira 2007 ili ndi lasting power of attorney pansi pa lamulo la 2005, ya mitundu iwiri: ya ndalama ndi katundu, ndi ya zaumoyo. Imayenera kulembetsedwa ku Office of the Public Guardian, ofesi ya boma yoyang'anira zikalata zimenezi, isanagwire ntchito. Ku America, madera ambiri amatsata lamulo lachitsanzo la 2006 limene limati chikalatachi chimapitirira pokhapokha chitanena mosiyana. Koma ku South Africa mtundu wopitirirawu kulibe, ndipo banja limayenera kupempha kuti pasankhidwe woyang'anira. Choncho funso loyamba kwa loya wanu likhale lakuti: kodi chikalatachi chidzagwirabe ntchito ndikadzalephera kuganiza? Yankho likakhala ayi, kambiranani za akaunti ya anthu awiri yoyendetsera pakhomo, kapena thirasiti ngati chumacho n'chachikulu.

Chikalatachi chimasainidwa munthu akadali woganiza bwino. Matenda oiwalaiwala akafika patali, mpata watha. Ngati chikagwira ntchito kunja, nthawi zambiri chimafuna chidindo chapadera, monga apostille ya pangano la ku Hague la 1961 m'mayiko amene analowamo.

Kasamalidwe. Pitani nacho kubanki mukadali bwino, chifukwa mabanki ambiri ali ndi mafomu awoawo. Tchulani wachiwiri wodzalowa m'malo. Mukafuna kuchithetsa, lembani kalata ndipo mudziwitse banki ndi aliyense amene anachiona, apo ayi munthuyo akhoza kupitiriza kuchigwiritsa ntchito.

Zoopsa. Palibe chikalata china chimene chimapatsa munthu mphamvu yochuluka chotere ndi uyang'aniro wochepa chotere, ndipo okalamba ambiri amene amaberedwa amaberedwa ndi abale awo enieni. Chepetsani mphamvuzo polemba: asadzipatse mphatso, asagulitse nyumba popanda chilolezo cha munthu wachiwiri, ndalama zanu asazisakanize ndi zake, ndipo wachibale wina azilandira sitetimenti ya kubanki mwezi uliwonse. Sankhani wosunga malisiti, ngakhale atakhala wotsiriza kubadwa. Mukaika awiri kuti azisaina limodzi, chitetezo chimakula koma zinthu zimachedwa, ndipo mmodzi akamwalira chikalatacho chikhoza kuima. Mukawalola kusaina payekhapayekha, zimafulumira koma ayenera kukhala anthu omvana. Ngati cholinga ndi ntchito imodzi, monga kugulitsa galimoto muli kunja, lembani ya ntchito yokhayo, yokhala ndi tsiku lothera. Ndipo mphamvu zonsezi zimatha mwini wake akamwalira. Kupitiriza kutapa ndalama pambuyo pake, ngakhale zoyendetsera maliro, kukhoza kumuika munthu m'mavuto.

Pa zaumoyo, pepala palokha silikwanira. Khalani pansi ndi munthu amene mwamusankhayo, mumuuze zimene mungafune ndi zimene simungafune madokotala atanena kuti palibenso chiyembekezo. Mukatero mwamupeputsira mtolo wolemera kwambiri.

Mafomu otchula wolandira ndi umwini wa anthu awiri

Kwa anthu ambiri apantchito, ndalama yaikulu imene adzasiye ili mu penshoni ndi inshuwalansi ya moyo, ndipo imeneyi kawirikawiri sidutsa m'wilu.

Mtengo ndi kapezekedwe. Fomu yake ndi yaulere, imapezeka kuntchito kapena kukampani ya inshuwalansi, ndipo ndalama zimatuluka msanga kuposa za m'wilu.

Kasamalidwe. Fomuyi imadzazidwa sabata yoyamba pantchito, munthu asanakwatire, n'kuiwalika. Pa mlandu wa Egelhoff, bambo wina wa ku America anamwalira pangozi patangopita miyezi iwiri banja lake litatha mu 1994, asanasinthe mafomu. Ana ake a m'banja loyamba anakasuma, koma mu 2001 khothi lalikulu la dzikolo linagamula kuti penshoni ndi inshuwalansi zipite kwa mkazi wosudzulidwayo, poti ndiye anali pafomu. Tsiku limene mukusintha wilu, sinthaninso mafomuwa.

Zoopsa. Si paliponse pamene fomu ndi lamulo. Ku South Africa, gawo 37C la lamulo la penshoni limapatsa oyang'anira thumba la penshoni udindo wofufuza onse amene ankadalira malemu n'kugawa mwachilungamo, ndipo fomu imangowaunikira. Kulemba dzina la mwana wamng'ono mwachindunji kumachititsa kuti ndalamazo zigwidwe kapena zipite kwa aliyense amene akumulera. Pa nyumba ya anthu awiri, onani mmene mapepala analembedwera: mtundu wina gawo la womwalira limapita lokha kwa wotsala, mtundu wina limalowa m'chuma chamasiye. Kuika mwana mmodzi pa akaunti yanu kuti azikuthandizani kumaoneka kosavuta, koma angongole ake akhoza kufika pa ndalamazo, ndipo mukamwalira akhoza kunena kuti zonse n'zake.

Kugawiratu muli moyo

Kumachotsa mikangano ya pambuyo, ndipo mumaona ndi maso anu ana akuthandizika. Mtengo wake ndi wa kusamutsa umwini ndi msonkho wa mphatso kumene ulipo. Ku Britain, mphatso imatuluka kwathunthu m'masamu a msonkho wa chuma chamasiye ngati woperekayo wakhala moyo zaka 7. Choopsa chake n'chimodzi koma chachikulu: zimene mwapereka mwapereka. Mwana akagwa m'ngongole, banja lake likatha kapena akamwalira inu mukadali moyo, nyumba imene mukugonamo ili pachiswe. Musapereke nyumba yokhalamo popanda kulembetsa mwalamulo ufulu wanu wokhalamo mpaka imfa.

Njira iti kwa ndani

Ngati muli ndi ana aang'ono, yambani ndi wilu ya aliyense wa inu awiri, yotchula wolera ana, yokhala ndi thirasiti mkati mwake. Onjezani power of attorney ndi kukonza mafomu a penshoni ndi inshuwalansi kuti zonse ziloze kumodzi. Thirasiti ya muli moyo simukuifuna pakadali pano. Ndi bwinonso kuti wolera ana ndi wosunga ndalama akhale anthu osiyana.

Ngati mukukhalira limodzi osamanga ukwati wovomerezeka, wilu ndi yofulumira kwa inu kuposa wina aliyense, chifukwa lamulo likhoza kumuona mnzanuyo ngati mlendo, pa chuma ngakhalenso kuchipatala.

Banja limene muli ana a maukwati osiyana ndilo limafuna loya koposa. Kusiya zonse kwa mkazi kapena mwamuna wanu podalira kuti adzagawira ana anu a poyamba ndi kumuika pa mayeso aakulu, ndipo iye ali ndi ufulu wosintha wilu yake mawa lake. Njira yabwino ndi thirasiti kapena ufulu wa moyo wonse: wotsalayo akhale m'nyumbamo mpaka imfa yake, kenako nyumbayo ipite kwa ana amene mwawatchula. Msungi asakhale wa mbali imodzi.

Mwana wolumala, kapena wamkulu amene ali ndi vuto la mowa kapena juga, amafunika thirasiti yokhalitsa, yokhala ndi msungi wocheperapo msinkhu kuposa inu ndi womulowa m'malo wotchulidwa kale. Ngati mwanayo amalandira chithandizo cha boma, funsani ngati cholowa cholunjika m'dzina lake sichingamuchotsetse pa chithandizocho.

Ngati kholo lanu layamba kuiwala zinthu, power of attorney ndiyo ikhale yoyamba mwezi uno, dokotala atamuona, ndipo ana onse adziwe kuti ikulembedwa. Wilu ionedwe nthawi yomweyo, kholo lili lokha ndi loya, ana ali panja.

Wosakwatira amene alibe ana akufunika wilu yaifupi ndi munthu wosankhidwa pa zaumoyo. Mwini bizinesi awonjezere pangano lolembedwa ndi anzake la zimene zidzachitikire masheya ake, ndi munthu wachiwiri wosaina kubanki kuti antchito asakhale osalipidwa. Amene ali ndi nyumba kapena malo m'mayiko awiri adziwe kuti katundu wotere nthawi zambiri amatsata lamulo la dziko limene ali. Kawirikawiri pamafunika wilu ya dziko lililonse, ndipo maloya awiriwo ayenera kuonetsana zimene alemba, kuti mawu ofafaniza mawilu akale a m'chikalata chachiwiri asaphe choyambacho.